Uta Umene Ndinasemera Anyani

Akazanga anamwalira chimanga chili m'mawondo. Anadzala okha, ine ndili pamwamba pa phiri kumapaini, kusenza matabwa a anthu. Anapalira okha. Kubandira ndi kumene sanafike. Tinawatsitsira kuchipatala m'tauni atagona kumbuyo kwa lole ya mbatata, tinabwera nawo m'bokosi. Basi. Musandifunse kuti ndinamva bwanji. Sindinamve kanthu. Anthu ankalira kumanda, ine ndinkayang'ana chala changa chimene chinatulukira pansapato.

Kumeneko ine ndinali mkamwini. Kwathu ndi mbali ya ku Malosa, koma ndinachokako tsitsi likadali lonse. Nyumba ndinamanga ndine. Njerwa ndinaumba ndine. Munda uja wa m'mphepete mwa nkhalango, zitsa ndinazula ndine mpaka msana unapindika. Koma dothi ndi la akuchikazi. Mkazi akafa, mkamwini amamusudzula. Amakuitana, amakuthokoza, amati wamasuka, nyamula khasu lako uzipita. Ndinkazidziwa izi. Ndinaonapo anzanga akutsika msewu wa phiri uja mphasa ili pamutu. Kungoti munthu umaganiza kuti udzayamba kufa ndiwe.

Titameta, alamu anga anandipeza pakhonde. Amenewa ndi achimwene awo a malemu, eni mbumba. Munthu wamfupi, wokonda kutokosa m'mano ngakhale sanadye nyama.

"Alamu, ife si agalu ayi," anatero. "Sitingakuthamangitseni chimanga cha mlongo wanga chili m'munda. Chilondereni, mukolole. Zosudzulazo tidzakamba mukakolola."

"Nanga chikapanda kufika pokolola?"

"Ndiye mudzakhala mukudikira chiyani?"

Anaseka. Ine sindinaseke. Ndinamva bwinobwino. Masiku anga panyumba ija, pafupi ndi manda aja, anali ataima m'munda pamodzi ndi mapesi. Chimanga chikatha, inenso ndatha.

Chitangoyamba kubereka, anyani anatsika.

Amene amakhala m'tauni amaona anyani pamsewu wopita pamwamba, amaimitsa galimoto, amajambula, amawaponyera nthochi. Zopusa. Nyani ndi mbava yokhala ndi manja ngati ako. Sathyola chimanga chimodzi n'kudya. Amathyola, kuluma kamodzi, kutaya, kuthyola china. Gulu likadutsa mzere, umatsala ngati mwadutsa ng'ombe. Ndipo amadziwa munthu. Mzimayi samuthawa. Mwala amadziwa pamene umagwera, ndiye amakhala kuseri kwake pang'ono, n'kumadzikanda akukuyang'ana. Legeni ndinayesa. Galu wanga anamung'amba pamimba, ndinakamukwirira kuseri kwa nthochi. Panali chinyani chimodzi chachimuna, chotuwa m'mapewa, ndicho chinkatsogolera. Chinkakhala pamwala waukulu kumtunda kwa munda ngati kapitawo. Ndinadziuza kuti chimenecho chikangolawa ululu kamodzi, onse aopa munda uno.

Mwala sunkafika pamwala paja. Muvi ukanafika.

Bambo anga ankasema mauta. Sukulu anandisiyitsa ndisanadziwe kulemba bwino chifukwa cha mbuzi zawo, koma izi zokha anandipatsa. Uta wawo sunali ngati wa ana uja wongopinda nsungwi. Nsonga zonse ziwiri ankazipinda kuti ziyang'ane kutsogolo, kumene muvi ukupita. Ukaukoka, nsongazo zimayamba zakana, kenako zimavomera, ndiye ukasiya zimabwerera mwaukali, muvi umachoka ngati wautukwana. Mbali ziwiri za uta ankazitcha mikono. Kumene kumayang'ana nyama ndi kumsana, kumene kumayang'ana iwe ndi kumimba. Kumsana mpeni sufika, umapala kumimba kokha. Ndipo mkono wofooka suukhudza. Umapala wolimbawo mpaka utsike ufanane ndi mnzake. Ankandimenya khofi pamutu akunena zimenezi. "Chimene wapala sichibwerera, iwe. Mtengo si tsitsi."

Mtengo ndinali nawo. Ndinaudula kalekale m'chilimwe, wa chipangala, wowongoka bwino, kutalika kufika pachibwano panga. Ndinausomeka kudenga la khitchini kuti uume ndi utsi, kenako ndinauiwala. Malemu ndi amene anaupeza ntchito. Ankapachikapo chimanga cha mbewu kuti anankafumbwe asalowe. Nditapita kukautenga ndinapeza zingwe zake zili lende, zopanda kanthu, chifukwa mbewu ija ndi imene inali m'munda. Ndinadula zingwezo. Ndinausolola. Mbali imodzi inali bii ndi mwaye, ina inali yotuwa. Ndinaona ndi maso angawa. Mutu ndi umene sunaone. Masiku amenewo ndinkatha kuthira mchere m'tiyi n'kumwa mpaka kutha.

Nsinga bambo ankapota ya chikopa. Ine ndinatsikira m'tauni kukafuna linya la matayala. Mumsika muli mnzanga wina, Msilamu, amagulitsa matayala akutha, malegeni ndi nkhwaira, nsapato za matayala zija. Tinadziwana kale pa za matabwa.

"Pepani ndi zovuta zija, achimwene. Ndinamva mochedwa."

"Zinachitika. Ndipatseni linya."

"La nsapato?"

"La uta."

Anakankhira kachipewa kake kumbuyo. "Uta? Nkhondo yayamba kuphiri ife osamva?"

"Anyani."

"Aaa, amenewo ndi abale anu, mumamwa nawo madzi amodzi kumtundako. Kambiranani bwinobwino."

Anaona kuti sindikuseka. Anandidulira lalitali, anandikulungira m'pepala, nditati ndipise m'thumba anandigwira dzanja. Ndinakwera phiri wapansi. Mvula inandipeza panjira, sindinabisale.

Kusema koyamba sikunavute. Ndinatenga kasemasema, pakati ndinasiya ponenepa pogwira dzanja, kuchoka pamenepo ndinatsitsa pang'onopang'ono mpaka kunsonga. Mikono ndinaisiya yotakata pafupi ndi chogwirira, yowonda kumapeto. Ukaonda msanga pafupi ndi dzanja, uta umathyokera pomwepo n'kukuchotsa mano. Kenako nsonga. Ndinawiritsa madzi m'chidebe cha malemu chochapira, ndinaviika nsonga imodzi mpaka inafewa, ndinailowetsa pamphanda ya mtengo wa mapeyala, n'kuikhotetsa ndi thupi lonse, n'kuimanga ndi luzi kuti izizire ili chopindika. Mawa lake inzake. Yambali yakuda inalimbana nane. Yambali yotuwa inangovomera ngati phesi. Apanso mutu sunandiuze kanthu.

Povuta ndi pofananitsa mikono. Pamenepo pamafuna anthu awiri. Wina amakoka nsinga, wina amaima patali n'kumayang'ana mmene mikono ikupindikira. Wokokayo saona kanthu, uta uli pamphuno pake. Tili achinyamata m'banja ndinasemapo mauta angapo, nthawi imene kunali nguluwe, ndipo woyang'ana anali akazanga. Ankaima pafupi ndi nkhokwe mwana ali kumsana, diso limodzi atatsinzina.

"Wakumanzerewo wauma ngati khosi lanu, bambo."

"Pati?"

"Pafupi ndi dzanjapo. Palani pamenepo. Pang'ono! Simukusenda chinangwa."

Sankalakwitsa. Munthu amene ankaona kuti mzere wakhota ali kutsidya kwa munda.

Tsopano woyang'ana panalibe. Ndinakhoma chithabwa pamtengo wa mapeyala uja, ndinagoneka uta chopingasa, ndinakoleka chigubu cha madzi pansinga kuti chizikoka m'malo mwanga. Ndiye ndinkabwerera chambuyo mpaka pankhokwe, pamene ankaima iwo, n'kuyang'ana. Mkono wotuwa unapindika bwino. Wakuda unali njo, ngati sukumva kuti pali chigubu. Chabwino. Wolimba ndi wakuda. Ndinaswa botolo, ndinatenga phale lake, ndinayamba kupala kumimba kwa wakuda. Kupala, kukoleka chigubu, kubwerera pankhokwe, kuyang'ana, kubwera, kupala. Tizipalo tinkagwera pamapazi anga ngati nthenga za nkhuku.

Mmawa ndinkakhala kumunda kukuwa ndi kugenda. Dzuwa likapendeka ndinkabwera kudzapala. Anyani anaphunzira. Ndikangokhota pa nthochi, chinyani chija chinkatsika pamwala. Mizere yakumtunda inatha ndikupala.

Tsiku lina mikono inafanana. Ndinaima pankhokwe, ndinayang'ana, yonse iwiri inapindika mofanana ngati nyanga za ng'ombe imodzi. Ndinaumasula nsinga, ndinauika pamwamba pa moto m'khitchini kuti ugone pouma, chifukwa kunja mvula inali isakukata. Ndinakhala masiku angapo ndikukonza mivi, bango ndi misomali yosula pamwala. Nditautenganso n'kuukoleka chigubu, ndinatukwana mokweza mpaka nkhuku zinathawa. Wotuwa uja tsopano ndi umene unali njo. Wakuda ukupindika wokha ngati ukufuna kuthyoka.

Alamu anali akudutsa ndi njinga yawo. Anaima.

"Alamu, kodi mwatsegula shopu ya zidole? Azungu a pamwamba agula chimenecho?"

"Tagwirani apa mukoke, ine ndione."

"Ine? Chindiphulikire kumaso? Ndili ndi ana ine."

"Ndiye imani apo muyang'ane, ndikoke ndine. Mundiuze mkono umene wauma."

Anaima, anayang'ana, akutokosa m'mano. "Ine ndikuona mtengo ndi chingwe. Komanso ndikuona anyani ali m'munda mwa mlongo wanga, mwamuna wake akusewera ndi chigubu. Ndadutsa kumeneko. Akuchita phwando. Mwina muwatumizire mchere."

"Fotseki."

"Mwati?"

"Ndati fotseki. Mukasudzule amanu."

Anakwera njinga. Ndinadziwa kuti mawu amenewo akawasunga, koma sindinasamale.

Ndinakhala pansi, utawo uli pamiyendo. Ndi pamene mutu unatseguka. Khitchini yathu inali yaing'ono, mtengo unali wautali. Malemu, pofuna kuti mbewu yawo ikhale pamwamba penipeni pa moto, anaukankha mtengo uja, mbali imodzi n'kutulukira kunja pansi pa udzu, kumene nkhungu ya phiri imanyambita tsiku ndi tsiku. Zaka zonsezo mbali imodzi inkamwa utsi, ina inkamwa chinyezi. Wakuda sunali wonenepa kuposa mnzake ayi. Unali wouma chabe. Wotuwa sunali wofooka, unali wonyowa. Ine ndinapala mkono wabwinobwino kuufananitsa ndi wonyowa. Wonyowawo utauma pamoto unapeza mphamvu zake, mnzake ndinali nditamudya kale.

Ndinawakwiyira akazanga. Ndikunena zoona. Ndinayang'ana kumene kuli manda ndi kunena kuti, mwaona zimene mwachita? Mtengo wanga munaukankhiranji? Ndipo munapitiranji musanabandire? Kenako ndinangokhala. Mvula inayamba, tizipalo tija tinanyowa, tinamatirira kumapazi.

Bambo akanati usiye, uupachike wonse pamalo amodzi mpaka mvula ithe, udzaupale m'chilimwe. Chilimwe chake chiti? Chimanga chinali chitayamba kuuma ndevu. Theka la munda linali litapita.

Ndiye ndinapala wotuwa. Lamulo ndi lomwe lija, umapala wolimba. Koma ndinapala ndili ndi ukali, ndipo panalibe wondiuza kuti pang'ono. Ndinapitirira. Wakuda unakhalanso wolimba. Ndinapala wakuda. Ndinasiya kubwera kunyumba masana, ndinatengera ntchito yonse kuchisakasa cha kumunda kuti ndizipala ndikulondera. Kumeneko nkhungu imatsika mmawa ngati bulangete lonyowa, moti uta umene wafanana madzulo umadzuka wapotoka. Nsonga imodzi inayamba kupenyera kumbali, nsinga n'kumaterereka. Ndinaiwiritsanso m'chitini, ndinaiwongola, yanyowanso, mkono wafewanso. Kupala uku, kupala uko. Anyani ankadya kumapeto kwa munda ndikuwaona. Ndinkadzuka, kugenda, kutukwana, iwo n'kusuntha pang'ono, ine n'kubwerera paphale langa. Sindikudziwa kuti ndinkadya chiyani masiku amenewo. Mwana wanga wamkazi, amene anakwatiwa ku Chikanda, kumunsi m'tauni, anakwera kudzandiona tsiku lina, anandibweretsera mandasi. Anaima pakhomo pa chisakasa, anayang'ana ine, anayang'ana munda.

"Ababa, tiyeni tingothyola chimene chatsalachi, tikayanike kunyumba."

"Sichinakhwime."

"Chikakhwimira m'mimba mwa anyani?"

"Tikathyola ndiye kuti ndakolola. Ndikakolola amalume ako andisudzula. Ukufuna zimenezo?"

Anasiya mandasi pachitsa. Anyani ndi amene anadya, nditapita kukatunga madzi.

Uta unatha mmawa wina dzuwa litatuluka. Ndinaukoleka pachitsa, ndinabwerera chambuyo, ndinayang'ana. Sindinasemepo uta wokongola ngati umenewo. Mikono yonse inkapindika mofanana kuyambira padzanja mpaka pamene nsonga zimatembenukira. Popanda pouma, popanda pofooka. Nsinga inadutsa pakati penipeni. Akazanga akanatsegula diso lachiwiri lija n'kunena kuti basi, bambo, musaukhudzenso.

Ndinaunyamula. Unapepuka ngati bango. Ndinakoka nsinga ndi zala, inabwera mpaka kukhutu osandifunsa n'komwe. Uta wa bambo unkatulutsa munthu thukuta kuti ufike pachibwano. Ndinadziwa pomwepo. Komabe ndinatenga mivi, ndinakwera kumtunda kwa munda.

Chinyani chija chinali pamwala pake, chimanga chili m'manja. Ndinaima pamene ndinkaima pogenda. Chinandiyang'ana, sichinasunthe. Ndinaika muvi, ndinakoka, ndinaloza pachifuwa, ndinasiya. Muvi unachoka mwaulemu. Unakwera, unawerama, unagwera m'udzu patsogolo pa mwala. Mwala wa dzanja unkafika patali kuposa pamenepo. Ndinaponya wina, chimodzimodzi. Chinyanicho chinatsika, chinatola muvi umodzi, chinaununkhiza, chinaluma bango, chinautaya. Chinabwerera pamwala kukamaliza chimanga chake.

Sindinakuwe. Ndinakhala pamzere, uta uli pamiyendo. Ndinawaonerera akudya. Kamwana kena kanali kakukanika kuthyola, make anakathyolera. Dzuwa linandiwotcha pakhosi. Ndinakhala choncho mpaka anakhuta n'kukwera okha.

Chimene chinatsala ndinathyola mawa lake. Sichinadzaze dengu. Ndinalisenza, ndinakalitula pakhomo pa alamu.

"Ndakolola."

Anayang'ana m'dengumo. Anachotsa kamtengo kaja m'kamwa. Ndinkayembekeza kuti aseka kapena andikumbutsa za amayi awo ndinawatukwana aja. Sanatero.

"Alamu, khalani pansi kaye."

"Ndaima bwino. Itanani anthu anu."

Anandisudzula sabata yomweyo. Anabwera akuluakulu a mbali zonse, tinakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mapeyala, chithabwa changa chija chikadali chokhoma pamwamba pa mitu yawo. Anayankhula zabwino. Anati ndinali mkamwini wolimbikira, ndinasunga mwana wawo mpaka tsiku lomaliza, tsopano ndamasuka, ndikafuna kukwatira ndikwatire. Azimayi anawomba m'manja pang'onopang'ono. Ine ndinkayang'ana msomali wa pachithabwa paja, unali utayamba dzimbiri. Atandifunsa ngati ndili ndi mawu ndinati ndilibe. Nyumba anapatsa mng'ono wawo wa malemu. Ndinatenga khasu, nkhwangwa, kasemasema, mphasa, ndi uta. Ndikunyamuka, akazi awo a alamu anandithamangira ndi zimanga zingapo za m'dengu lija, zonenepa bwino, atazimanga makoko pamodzi.

"Tengani, ndi mbewu ya malemu alamu anga. Yamakolo iyi, simuipeza m'sitolo."

Ndinadutsa kumanda. Sindinalowe. Ndinaima panjira pang'ono, kenako ndinatsika.

Ku Malosa sindinapite. Ambiri amene ankandidziwa kumeneko anafa, munda wa amayi anagawana adzukulu. Ndili ku Chikanda, m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya mwana wanga. Ndimaswa miyala, nthawi zina ndimasenzera ana a sukulu yaukachenjede katundu akamasamuka. Usana wonse mawailesi, fungo la tchipisi, ana ophunzira akukangana m'Chingerezi. Phiri limaoneka ndikatuluka pakhomo. Sindiliyang'ana kwambiri.

Mkamwini wanga, mwamuna wa mwana wangayu, anauona uta tsiku lina, anati tikaugulitse kwa ogulitsa ziboliboli, akuti ndi wokongola, alendo angaukonde. Ndinamuuza kuti akaukhudza ndimuthyola zala. Sanabwerezenso.

Ndinausomeka kudenga, pamwamba pa pamene ndimaika mbaula. Kachipindako ndi kakang'ono, koma ndinaonetsetsa kuti wonse uli mkati, mikono yonse iwiri. Zimanga zija ndinazipachika pamenepo. Zada ndi utsi. Mvula yagwa kangapo chibwerereni kuno, pakhomo pano ndi simenti ndi ngalande, palibe pobaya khasu. Mwana wanga amati mbewu ikakhalitsa simera, tingokazinga. Ndimamuuza kuti azisiye.